Apongozi Anga, a Nkhanu

Amene ankayenera kuperekeza abambo ku Sadamisaki anali mwamuna wanga Noboru. Koma m'mawa wa tsiku la ulendolo iye anadzuka msana utauma gwa, moti ngakhale kuvala sokosi kunamukanika. Abambo, apongozi angawo, anali atakhala kale pakhomo, chipewa kumutu, kachikwama kachikopa pamiyendo.

"Tingosintha tsiku, bambo," anatero Noboru ali chigonere pamphasa.

"Galimoto ilibe msana," anayankha abambo. Kenako anatembenukira kwa ine. "A Sumie, paja inunso mumayendetsa?"

Ndinavomera, koma mumtima ndinali ndi nkhawa. Ndinali nditakhala m'banja la a Kajiwara zaka zoposa makumi awiri, nyumba imodzi ndi abambowo ku Matsuyama, pamwamba pa malo awo ometera tsitsi. Sanali munthu wankhanza ayi, koma mawu ankachita kuwaumira. Anameta anthu moyo wawo wonse, ometedwawo akulankhula, iwo akungoti "mmm". Ine ankandiuza kuti tiyi wakoma kapena kuti mvula ikubwera, basi. Tsono ndinkadzifunsa kuti ulendo wa tsiku lathunthu tikambirana chiyani anthu awiri.

Za nthawi ya nkhondo yachiwiri ya padziko lonse tinkangodziwa kuti ali mnyamata wa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi anatumizidwa kunsonga ya Sadamisaki, kumene asilikali ankakumba mapanga oikamo mizinga. Ana athu ali aang'ono ankauza anzawo kusukulu kuti agogo awo ankawomba mzinga. Abambo sanavomerepo, sanakanenso.

Mpaka ku Yawatahama sitinalankhulane. Titadutsa tauniyo, msewu unakwera pamsana pa mtunda wowonda wolowa m'nyanja umene umathera kunsongako, nyanja n'kuonekera kumanja ndi kumanzere komwe. Unali mwezi wa Epulo, kunja kutayera, mphepo ikukankha galimoto ngati ikufuna kutipatutsa. M'munsi, minda ya manachesi inkatsetsereka mpaka kumadzi.

"Kale kunalibe msewu uno," anatero abambo mwadzidzidzi. "Tinabwera pa sitima yapamadzi."

"Munasangalala nawo ulendowo?" ndinafunsa, posowa chonena.

"Ndinasanza kuyambira padoko mpaka padoko."

Ndinawasuzumira kuti ndione ngati akunena nthabwala, koma nkhope yawo inali momwe imakhalira masiku onse.

Msewu unathera pabwalo loimikapo magalimoto, pamwamba pa phompho. Kuchokera pamenepo munthu amatsika wapansi kupita kunsanja ya nyali younikira sitima, ndipo mapanga a mizinga ali pansi pa nsanjayo. Pambali pa bwalolo panali agogo ena aafupi, ovala chipewa chachikulu chomangira kuchibwano, akugulitsa manachesi ndi tinsomba touma patebulo.

Abambo anatsika m'galimoto. Ataona chitsulo chotchinga phompho chili pafupi, anayamba kuyenda chammbali, msana atautsamiritsa kugalimoto, dzanja likupapasa chitseko. Agogo aja anasiya kuitanira malonda. Anawayang'ana nthawi yaitali, kenako anakankhira chipewa chawo kumbuyo.

"Kayendedwe aka ndinakaonapo," anatero. "Makutu awonso. Iwe, si iwe Nkhanu?"

Abambo anaima. Anavula chipewa pang'onopang'ono, n'kuchigwira pachifuwa.

"Tsuya," anatero. "Mlongo wake wa Shigeo."

"Ndiye ndani winanso? Wakalambatu iwe."

"Iwe ndiye watsala theka."

Ine ndinangoima pakati pawo makiyi ali m'manja. Sindinamvepo munthu akunena apongozi anga kuti iwe, ngakhale malemu apongozi aakazi sankatero. Agogo a Tsuya anandikoka mkono n'kundikhazika pakampando kawo.

"Ndiwe mwana wake?"

"Ndine mpongozi wawo, agogo."

"Pepa mwana wanga. Anakuuza chifukwa chake tinkamutcha Nkhanu? Ameneyu ankaopa nyanja. Ntchito yake inali yotungira madzi anthu okumba mapanga, ndiye kanjira kake kankadutsa m'mphepete mwa phompho. Iye ankayenda chammbali, msana kuthanthwe, maso ali psii, ndowa zikutayikira. Akamafika, madzi atsala a mphaka."

"Ife kunyumba timadziwa kuti ankawomba mzinga," ndinatero.

Agogowo anaseka mpaka kugwira tebulo. "Mzinga wake uti? Kutunga madzi ndi kusenda mbatata, ndiye nkhondo imene anamenya mwamuna uyu."

"Ndinaugwirapo," anatero abambo.

"Unaupukuta."

"Kupukuta n'kugwira komwe."

Atatero anaseka, kuseka kwenikweni, mapewa akugwedezeka, mano oikirira ali poyera. Atapuma anandiyang'ana mwamanyazi. "Ine sindinanenepo kuti ndinkawomba, a Sumie. Ana anayambitsa okha. Ndinangoona kuti kuwatsutsa n'kuwalanda chinthu."

Agogo a Tsuya anatipatsa nachesi aliyense, n'kubwereka abambo ndodo yansungwi. Tinayamba kutsika. Kanjirako kanali kabwino, kodutsa m'mitengo imene mphepo inaipinda yonse kuloza mbali imodzi, koma kanali kotsetsereka kwambiri, ndipo kutsogolo kankaoneka kakukweranso. Tisanafike patali mphamvu zinayamba kuwathera abambo. Anayesa kulimbikira, akupuma pamtengo uliwonse, mpaka anakhala pamwala, thukuta lili kamukamu.

"Tipume pang'ono, bambo, tipitiriza," ndinatero.

Anapukusa mutu. "Ndikatsika apa sindikweranso. Mungachite kundibereka."

Anatsegula kachikwama kaja. Munali kabotolo ka mowa wampunga, ndi zida zawo zometera zokulunga m'nsalu, zomwe sankazisiya kulikonse kumene apita. Anatulutsa kabotoloko n'kumakatembenuza m'manja.

"Shigeo anali mwana wa msodzi wa m'mudzi wa kuseri uku," anatero. "Anali wamkulu kwa ine pang'ono. Iye ankakumba ndi piki. Chakudya chinali chochepa, ife ochokera kutauni tinkagona ndi njala. Tsuya ankabweretsera mlongo wake mbatata ndi nsomba zouma, ndiye Shigeo ankandiitana, tinkadya awiri pakhomo pa phanga. Tikamabwerera madzulo, pakanjira kaja, iye ankayenda mbali ya kunyanja, ine mbali ya kuthanthwe. Sankanenapo kanthu. Ankangopezeka kuti ali mbali imeneyo."

Anayang'ana kumunsi, kumene kunali nyanja.

"Nkhondo itatsala pang'ono kutha anamutuma kukawedzera asilikali nsomba. Ndege inabwera chamasana. Bwato linapezeka, iye ayi. Ndimati ndikamuthirire kamowa aka pamene tinkadyera paja."

"Bwanji simunabwere kale, bambo? Noboru akanakubweretsani."

"Poyamba kunali njala. Kenako ntchito. Kenako ndinayamba kuchita manyazi kuti ndachedwa." Anabwezera kabotolo m'chikwama. "Tiyeni tibwerere."

Tinakwera pang'onopang'ono, iwo atagwira ndodo dzanja lina, lina atagwira phewa langa. Agogo a Tsuya anationera patali.

"Mwabwera msanga bwanji? Mapanga asamuka?"

Ndinawafotokozera. Anamvetsera akutafuna kansomba, kenako anapukuta manja pa epuloni.

"Nanga ndani anakuuza kuti achimwene ali kuphanga?" anafunsa abambo. "Kuphanga kuli mileme. Iwo ali m'madzi. Ukafuna kuwapatsa mowa, upite pamadzi pomwepo."

Anatulutsa foni m'thumba n'kuimbira mwana wawo Katsumi, kumuuza kuti asamangirire boti chifukwa kukubwera alendo.

"Ine pa boti sindikwera," anatero abambo.

"Ndiye ukadzafa ukawauza chiyani? Kuti unafika pabwalo la magalimoto n'kudya nachesi?"

Agogowo anafunditsa malonda awo ndi lona, n'kutsindira ndi miyala iwiri, n'kukalowa m'galimoto mwathu osaitanidwa, mpando wakutsogolo.

Mudziwo unali m'kachigwa kopanikizika pakati pa phiri ndi nyanja, nyumba zitabisala kuseri kwa mipanda yamiyala chifukwa cha mphepo. Padoko tinapeza Katsumi, chimunthu chachikulu chamsinkhu wa mwamuna wanga, tsitsi laimvi litafika m'mapewa, lomanga ndi kachingwe ka ukonde. Anapereka moni kwa abambo mwaulemu, atawerama kwambiri.

"Amayi amakukambani, bambo," anatero. "Ndimayesa ndi nkhani yongopeka."

"Amati chiyani?"

"Ndikanena simukwera boti langa."

Anawanyamula ngati mwana n'kuwakhazika pabenchi pakati pa boti, n'kuwaveka chovala choyandamitsa. Abambo anagwira benchiyo ndi manja onse awiri, maso ali pamapazi awo. Ine ndinakhala pambali pawo nditakonzeratu kathumba kapulasitiki ndi kathawulo, kuti zikavuta ndiwathandize. Agogo a Tsuya anakhala kutsogolo, miyendo atapinda, ngati ali pakhonde pawo.

Titatuluka padoko mafunde anayamba kutinyamula. Kunsongako madzi amathamanga ngati mtsinje, ndipo boti linkakwera n'kugwa, kukwera n'kugwa. Katsumi ankaimba kanyimbo kosamveka mawu. Kenako tinazungulira thanthwe lalikulu, n'kuona nsanja ya nyali itayera mbee pamwamba, ndipo pansi pake, m'khoma la phompho, mabowo akuda akuyang'ana kunyanja.

"Dzutsa mutu, Nkhanu," anatero agogo a Tsuya. "Ntchito yako ija ndi iyo."

Abambo anadzutsa mutu. Anayang'ana nthawi yaitali.

"Achepa bwanji," anatero. "Ine ndimakumbukira aakulu ngati nyumba."

"Ndiwe unali wamng'ono. Ukukumbukira tsiku limene anauyesa mzinga? Kamodzi kokhako, nkhondo yonse. Nsomba zinayandama zokha, mudzi wonse tinatola ndi madengu."

"Anauyesa kawiri."

"Kamodzi."

"Kawiri. Ulendo wachiwiri ndinagwetsa mphika wa mpunga, mkulu wa asilikali n'kundimenya khofi."

"Umenewo unali bingu."

"Bingu kunja kuli ngwee?"

"Kwa iwe chilichonse chinali mzinga. Chitseko chikamenyeka unkalowa pansi pa tebulo."

Katsumi anandiyang'ana n'kutsinzinira diso. Anayendetsa boti mpaka pamalo pamene thanthwe linkatchinga mphepo, n'kuzimitsa injini. Mkangano uja unatha wokha. Kunkangomveka madzi akumenya m'mbali mwa boti ndi mbalame m'mwamba.

Abambo anamasula dzanja limodzi pabenchi, kenako linalo. Ndinawatsegulira kabotolo. Anasendera m'mphepete mwa boti, ine nditawagwira lamba kumbuyo. Boti linagwedezeka, moti mowa wina unathera pathalauza ndi pansapato, wina n'kugwera m'nyanja.

"Shigeo," anatero. "Ndine Ginji. Ndachedwa."

Agogo a Tsuya anasuzumira m'madzi n'kulankhula ngati akuitana munthu amene ali kuseri kwa nyumba.

"Achimwene, mwamuona mlendo wanu? Wabwera pa boti, yekha, osamumanga. Mowa wina wamwetsa nsapato zake, koma inu paja simunkamwa kwambiri, zikukwanani." Anapukuta m'maso ndi chingwe cha chipewa. "Ali ndi mpongozi wabwino. Anakhala bwino, musadandaule naye."

Kenako Katsumi analoza kumene mbalame zinkagwera m'madzi.

"Amalume ayankha," anatero. "Taonani nsomba izo."

Analiza injini, n'kutifikitsa pamalopo, n'kuponya zingwe. China anapatsa abambo m'manja. Iwo anati sadziwa kuwedza, koma asanamalize kulankhula chingwe chinagwedezeka.

"Kokani, bambo. Pang'onopang'ono, musachigutule, pakamwa pake ndi pofewa."

Anakoka, nakoka, mpaka nsomba yonenepa bwino, ya mtundu umene amautcha aji, inatulukira ikunyezimira. Inagwera m'boti n'kumaphiriphitha pamapazi pawo. Abambo anaimirira osadziwa kuti aimirira. Anapempha nyambo ina.

Ine ndiye zinthu zinali zitayamba kundivuta. Kuyambira pamene injini inazima koyamba paja, nseru inali itandiyamba, koma ndinkalimba mtima chifukwa cha ulemu wa mwambowo. Fungo la nyambo litandipeza, ndinalephera. Kathumba kamene ndinakonzera apongozi kanagwira ntchito pa ine mwini. Ndili chiweramire ndinamva dzanja likundisisita pamsana.

"Muziyang'ana kuphiri, a Sumie," anatero abambo. "Musayang'ane madzi."

"Tamumvani katswiri," anatero agogo a Tsuya. "Wakhala msodzi lero lomwe."

Anandipatsa kachipatso kowawasa koviika mumchere kuti ndizimumunya. Ndinagona pamulu wa zingwe mpaka tinafika padoko, ndikumva abambo akuwerengera Katsumi nsomba zawo ndi mawu okweza, agogo a Tsuya akutsutsa kuti imodzi inali yawo.

Pamtunda abambo anafuna kulipira mafuta a boti, koma Katsumi anabisa manja kumbuyo.

"Mukandipatsa, amayi andithamangitsa pakhomo."

Abambo anamuyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu, maso n'kuima patsitsi.

"Ndiye khalani apa," anatero, akuloza bokosi la nsomba lovundikira. "Tsitsi lanulo landisowetsa mtendere chikuonereni."

"Wometa wathu anamwalira chaka chatha," anatero Katsumi akukanda m'mutu. "Kupita kutauni chifukwa cha tsitsi lokha, ulesi."

"Ndimamuuza kuti akuoneka ngati tsache," anatero mayi ake.

Abambo anayala nsalu yawo, n'kutulutsa sizasi, chipeso ndi lumo. Anamukulunga Katsumi kathawulo kanga m'khosi. Manja amene ankakakamira benchi pa boti aja tsopano anali pantchito yawo. Tsitsi linkagwa, mphepo n'kumaliulutsira m'madzi. Asanamalize, madala awiri amene ankasoka maukonde chapafupi anali atasendera, akuonerera. Mmodzi anavula kapu n'kudzipapasa m'mutu.

"Akuluakulu, kodi mzerewu ukuyambira pati?"

Posakhalitsa anthu anali atachuluka. Wina anabweretsa mpando weniweni, wina kalilole wa m'bafa, mayi wina anakoka mwamuna wake pamkono kuchokera kunyumba. Aliyense wokhala pampando ankafunsa kuti mlendoyu ndani, ndipo agogo a Tsuya ankayambiranso nkhani ya ndowa, ulendo uliwonse phompho likutalikirako, madzi otsala m'ndowa akucheperako. Abambo ankawongola pamene pawonjezedwa kwambiri. Ankafunsa za anthu amene ankawadziwa kale: wophika wa asilikali uja anathera kuti, nanga mtsikana amene ankaweta mbuzi kuseri kwa nsanja? Ambiri anali atamwalira, koma aliyense anali ndi mwana kapena mdzukulu pamzerepo, ndipo nkhani zinkangotuluka.

Ine nseru itatha, njala inandigwira yoopsa. Ndinathandiza agogo a Tsuya kutumbula nsomba pathabwa pomwepo. Anazidula tizidutswa topyapyala, zosaphika, tinadya ndi mpunga wotentha ndi msuzi wa soya, titakhala pamabokosi. Abambo ankadya ataimirira, pakati pa mutu wina ndi wina.

"Kunyumba amalankhula chonchi?" anandifunsa agogowo chapansipansi.

"Ayi, agogo. Mawu alero aposa a chaka chonse."

"Anali choncho kalenso. Achimwene okha ndi amene ankamutsegula pakamwa." Anandiwonjezera mpunga. "Udye, wataya zambiri."

Dzuwa litapendeka abambo anapukuta zida zawo. Panatsala madala atatu osametedwa, ndipo anadandaula kwambiri.

"Ndibweranso mwezi wamawa," anatero abambo. "Tsitsi silithawa."

Anthu anadzaza galimoto yathu ndi manachesi, ndere zouma za m'nyanja, ndi nsomba zoika m'madzi oundana. Agogo a Tsuya anatulukira atavala malaya ena, kachikwama m'manja, n'kunena kuti popeza galimoto ikudutsa ku Yawatahama, akaone mng'ono wawo amene amakhala kumeneko. Ulendo uno anakhala kumbuyo ndi abambo. Anakangana za dzina la galu wa asilikali mpaka onse awiri anagona, mitu itagundana.

Abambo anasunga lonjezo lawo. Mwezi uliwonse ankapita, nthawi zina pa basi, nthawi zambiri ndi ine, chifukwa ankati Noboru amayendetsa ngati wanyamula mazira. M'mudzimo ana ndi akulu omwe ankawatcha a Nkhanu, iwo n'kumavomera. Pa boti ankakwera ulendo uliwonse nyanja ikakhala bwino. Ine ndinkatsala padoko ndi agogo a Tsuya, kusankha manachesi.

Anayenda choncho zaka zingapo, mpaka miyendo inakaniratu, dokotala n'kuwaletsa maulendo ataliatali. Mwezi woyamba umene sanapite anakhala pawindo tsiku lonse osalankhula. Lamlungu lotsatira tinamva galimoto ikuima pakhomo. Anali Katsumi, atanyamula bokosi la nsomba, mayi ake ali pambuyo akudandaula za masitepe athu. Katsumi anapereka moni, n'kukoka mpando wa kukhitchini, n'kukhala patsogolo pa abambo.

"Ndabwera kudzametetsa, bambo," anatero.

Abambo anamupapasa m'mutu. Tsitsilo linali lisanakule n'komwe. Anandituma kuti ndikatenge sizasi.